Dzenje pa kapinga: kodi lachokera kuti?

Dzenje likaoneka mwadzidzidzi pa kapinga, makamaka mvula yoyamba ikangogwa, ine ndimayamba ndayang'ana ngati pambali pake pali dothi lofukulidwa. Ngati lilipo, kawirikawiri wakumba ndi mfuko, mbewa kapena nkhululu, ndipo kukula kwa unawo kumaulula mwini wake. Timauna tambirimbiri tokhala ndi mapiko othothoka m'mbali mwake ndi potulukira ngumbi basi.

Limene limandidetsa nkhawa ndi dzenje lopanda dothi pambali, chifukwa limasonyeza kuti nthaka yatitimira pamalo pamene pansi pake panali kale phanga. M'mapuloti ambiri a m'matauni athu munali chimbudzi chokumba kapena dzala limene linakwiriridwa mothamanga, ndipo zam'katimo zikawola n'kuphwera, dothi lonyowa limagwera mkati. Chitsa chodyedwa ndi chiswe chimachitanso chimodzimodzi. Paipi yodontha nayo imakokolola dothi pang'onopang'ono, ndipo chizindikiro chake ndi kapinga wobiriwira kwambiri pamalo amodzi m'chilimwe.

Chonde musapisemo dzanja, pakuti njoka imakonda una wosiyidwa. Tchingani malowo kuti ana asayandikire, yezani kuya kwake ndi nsungwi, ndipo ngati dzenjelo lili pafupi ndi maziko a nyumba, itanani mmisiri musanalikwirire.