Mavoti a ku Monkey Bay ali ku Joni

Zimandipweteka anthu akamati a ku Monkey Bay timangovotera UDF chiyambire nthawi ya a Bakili Muluzi mu 1994, apo ayi sitivota n'komwe. Bwerani ku Mayfair ndi ku Fordsburg kuno ku Johannesburg muone kuchuluka kwa anyamata a ku Mangochi. Pa 16 September 2025, tsiku la chisankho, tonsefe tinali pantchito kuno, poti palibe dongosolo loti tivote tili kunja. Kumudzi kunatsala amayi athu, komanso asodzi ofika kudooko kutacha, maso ali psu, atachezera panyanja ndi nyali kusaka usipa. Chonsecho feteleza ndi makoka a chilimira kumeneko zimagulidwa ndi ndalama zathu. Aphungu athu, kakambeni ku Nyumba ya Malamulo kuti tizivotera ku ofesi ya kazembe ku Pretoria.