Tsiku limene 2 ndi 2 anandipereka

Popeza alamu anga ayamba kale kuifalitsa nkhaniyi pa gulu la WhatsApp la banja, akuithira mchere ndi tsabola yemwe, ndiloleni ndiinene ndekha. Inde, mwana wa Fomu 4 anandigwetsa pa masamu, pakhonde, anthu akuona. Koma imvani kaye mbali yanga.

Mwana wa achemwali anga, amene akukonzekera mayeso a MSCE, anabwera ndi kope: log x + log (x − 3) = 1, pezani x. (Kwa amene simunakumane nayo, log ya nambala imatiuza kuti tichulukitse ma 10 angati kuti tipeze nambalayo: log 10 ndi 1, log 100 ndi 2.) Ine ndakhala zaka zambiri ndikuuza mtundu wonse kuti masamu ndinkawamwa ngati thobwa, ndiye pothawira panalibe. Ndinati, "Bwera nazo kuno iwe. Ife izi tinkachita ndi matebulo, calculator tisanaione."

Ndinaphatikiza zam'katimo: x ndi x − 3 zinandipatsa 2x − 3. Log ikafanana ndi 1 ndiye kuti nambalayo ndi 10, izi ndinakumbukira bwino, ndipo ndikufuna zilembedwe. Choncho 2x = 13, x = 6.5. Mphindi imodzi sinakwane.

"Ankolo," anatero mwaulemu wake wonse, "aphunzitsi anati tikamaphatikiza ma log, manambala am'katimo timachulukitsa."

"Aphunzitsi akowo anabadwa liti? Tenga calculator tiyese. Ika log 2 kuphatikiza log 2."

Inatulutsa 0.602.

"Tsopano 2 kuphatikiza 2 ndi 4. Ika log 4."

0.602.

Abale anga, ndinaimirira. Ndinayenda pakhondepo kuchoka uku kufika uko, manja kumbuyo ngati hedimasitala tsiku lotsegulira sukulu. Ndinaitana achemwali kuti asiye ndiwo pamoto adzaone. Ndinaitana alamu, ndinaitananso aneba amene ankangodutsa ndi njinga yawo osalakwa kanthu. Calculator ija ndinaizunguza kwa aliyense ngati mbale ya chopereka. Ndipo poti mtima unali utakwera, ndinawonjeza umboni wachiwiri: log 1, log 2 ndi log 3 pamodzi, 0.778. Log 6, 0.778. Apa ndinalamula tiyi. Ndinayambanso kudandaula za maphunziro a masiku ano, kuti ana athu akuphunzitsidwa ndi anthu ongoloweza. Aneba aja anagwedeza mutu kuvomereza, chonsecho iwo log sanakumanepo nayo chibadwire.

Mwana uja anadikira mpaka nditamwako tiyi kawiri.

"Ankolo, tiyeseko 10 ndi 10."

Log 10 kuphatikiza log 10 inatulutsa 2. Log 20 inatulutsa 1.301. Ndinati mabatire atha. Anandisonyeza kuti ndi ya sola. Ndinati ndiye vuto ndi mitambo. Kumwamba kunali mbee.

Ndiye anatenga cholembera changa chomwe, n'kulemba x(x − 3) = 10, kenako x² − 3x − 10 = 0, kenako (x − 5)(x + 2) = 0. Anati −2 timutaya chifukwa nambala ya negative ilibe log, yankho ndi 5. Anatsimikiza: log 5 kuphatikiza log 2 zimapereka log 10, yomwe ndi 1. Kenako, popanda womutuma, anayesanso 6.5 wanga uja pamaso pa anthu onse. Inatulutsa 1.357, osati 1.

Tsono ndiweruzeni mwachilungamo. Pa manambala onse a pa dziko lapansi, ndi angati amene kuphatikiza ndi kuchulukitsa kumapereka yankho limodzi? 2 ndi 2 amapereka 4 uku ndi uku. 1, 2 ndi 3 amapereka 6 uku ndi uku. Ine ndinagwera m'maenje onse awiri motsatizana, osaphonya. Munthu wosadziwa masamu sangachite zimenezo, pamafunika mphatso.

Chimene chinandipweteka n'chakuti mwanayo anandiuzanso kuti John Napier wa ku Scotland anatulutsa ma log mu 1614 n'cholinga chenichenicho, choti kuchulukitsa manambala aakulu kusanduke kuphatikiza. Ndiye kuti pa zonse zimene ndikanaiwala, ndinaiwala ntchito imene anawapangira.

Tiyi uja achemwali anamuchotsa ndisanamalize. Alamu mufoni mwawo anandisunga kuti "Ankolo 6.5". Aneba aja mpaka lero amakhulupirira kuti ndinapambana ndine, chifukwa anachoka msanga, ndipo chonde pasapezeke wowauza.