Mabuloko athu ndi mpanda wa bwana

Tidayamba kuumba mabuloko a simenti m'chaka cha 2019, ine ndi amuna anga, pa kamalo kalendi kumunsi kwa phiri la Soche ku Blantyre. Katundu wathu yense anali chikombole chimodzi chachitsulo, mafosholo awiri ndi wilibala. Mpamba ndidautenga ku banki m'khonde. Chidatikopa n'chakuti m'chaka cha 2018 boma lidaletsa njerwa zowotcha pa zomangamanga zikuluzikulu pofuna kupulumutsa mitengo, choncho makontirakitala ankasakasaka mabuloko. Pofika 2022 tinali ndi anyamata anayi komanso kalole kakale ka matani awiri.

Amene sadagwirepo ntchitoyi sadziwa kuti kuba kwake n'kosavuta. Pa thumba limodzi la simenti la makilogalamu 50, ife timatulutsa mabuloko osapitirira 30, ndipo timawathirira madzi m'mawa ndi madzulo kwa sabata yathunthu asadachoke pamalo. Koma ukachulutsa mchenga utha kutulutsa 45, mwina 50, ndipo ndi maso sungasiyanitse. Amadziwika ukaliponya pansi: labwino limangobenthuka pakona, lonyenga limayoyoka ngati chigumu. Amadziwikanso mvula ikawamenya ali kale m'khoma, anthu atagona mkati.

Usiku wa pa 12 kuchera pa 13 Malichi 2023, namondwe wa Freddy atafika, phiri lidatsika. Matope, miyala yaikulu ngati nyumba ndi mitengo zidasesa ku Chilobwe anthu ali m'tulo. Akuluakulu ankangoti napolo wadutsa. Mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, adalengeza kuti chigawo cha kummwera chagwa m'ngozi, ndipo dziko lidakhuza maliro masiku 14. Anthu oposa theka la miliyoni adasowa pokhala, ambiri n'kukadzaza m'makalasi a sukulu. Ife tidataya mchenga wonse, ndipo simenti yomwe inali m'kashedi idanyowa n'kuuma gwa. Izo n'zazing'ono. Mnyamata wathu woyamba, amene tidayamba naye ndi wilibala, adataya mayi ake ndi mng'ono wake usiku umodzi.

Masabata oyamba kalole kathu kadanyamula ufa, zidebe ndi mabulangete kupita ku misasa. Tinkangopempha ndalama ya mafuta basi. Kumeneko n'komwe tidadziwana ndi mkulu wina wogwira ntchito m'boma, munthu waulemu polankhula, amene mayina a olandira thandizo ankadutsa m'manja mwake. Tsiku lina madzulo adandiimbira foni.

"Mayi, lole yanu ikatsitsa katundu mawa, ingodutsirako kumunda kwanga. Ndili ndi timatumba ta chimanga. Mafutawo muwalembe pa ulendo wa ku msasa womwewo."

Ndidavomera. Ndikunena poyera chifukwa mpaka lero zimandiwawa. Ndidadziuza kuti n'kanthu kochepa, komanso bwana ngati ameneyu sukangana naye. Mafuta operekedwa kuti afikitse chakudya kwa anthu ogona pansi m'kalasi adanyamula chimanga cha munthu amene nyumba yake sidadonthe n'komwe.

Patapita miyezi ingapo kudamveka zoti kumangidwa nyumba zingapo za ena mwa omwe adataya zonse, ndipo pafunika wopereka mabuloko. Bwana uja adabwera yekha pamalo pathu, adakhala pa buloko, n'kuyamba kuyamikira ntchito yathu. Kenako adafika pa mfundo. Dzina lathu likhoza kulowa pa mndandanda, odayo ndi yaikulu, koma iye akumanga mpanda pa puloti yake. Mabuloko 600 apite kumeneko, ndipo pa pepala alembedwe kuti adatsitsidwa ku nyumba za ovutikawo.

Amuna anga adafunsa kuti, "Nanga bwana, simenti ya mabuloko 600 amenewo ichokera kuti? Ifetu tilibe phindu lotere."

Adaseka pang'ono. "Achimwene, ntchito yanu ndikuphunzitseni ine? Onjezerani mchenga. Ndani akawerenge? Mbuzi imadya pomwe aimangirira."

Mnyamata wathu uja anali chapafupi, akuthirira mabuloko ndi payipi. Sadayankhule, sadatembenuke n'komwe, koma ndidaona kuti wamva. Iye ankagonabe mu tenti pa nthawiyo. Nyumba zomwe bwana ankati tizimangire mabuloko a chigumu zinali za anthu ngati iye, anthu amene khoma lidawagwera kale kamodzi.

Ndidati, "Pepani bwana, zimenezo sititha."

Sadakwiye. Adadzikuntha fumbi pa thalauza, n'kunena kuti tikaganize bwino poti oumba mabuloko mu Blantyre ndi ambiri. Odayo idapita kwina. Ndalama ya maulendo ena a lole omwe tidagwirizana kuti tidzalipidwa idangoti zii. Ukapita amati fayilo ili pa tebulo la bwana, ukabwerera mawa amati bwana ali ku msonkhano. Tidakambirana zokadandaula ku bungwe lothana ndi katangale la ACB, koma amuna anga adandikumbutsa za chimanga chija, kuti nafenso dzanja lathu lidalowamo. Apa m'pamene ndidamvetsa ntchito ya kapempho koyamba kaja: kamakumanga pakamwa.

Mu Novembala chaka chomwecho kwacha idagwa ndi 44 peresenti, mtengo wa simenti n'kukwera ngati wapenga. Ndalama ija itatuluka, sidakwanenso kugula matumba omwe ikadagula mu Epulo. Anyamata awiri tidawapumitsa. Kalole tidagulitsa kuti tibweze ngongole ku banki m'khonde, ndipo tsiku lomwe wogula adabwera kudzaitenga ndidalowa m'nyumba kuti ndisaone.

Anthu ena amati zoterezi n'zazing'ono poyerekeza ndi mabiliyoni omwe timamva pa wailesi. Ine sindivomereza. Pa nthawi ya ngozi, lata lililonse, thumba lililonse, lita iliyonse ya dizilo imakhala ndi mwini wake amene akudikira. Msuweni wa bwana akalowa pa mndandanda, gogo wina watuluka. Ndipo wa bizinesi yaing'ono ngati ife ndi amene amasandutsidwa dzanja lobera, chifukwa lisiti imalembedwa ndi ife, sitampu ndi yathu.

Tidapulumukira kwa anthu wamba. Mipingo ina idasonkha ndalama zomangira mamembala awo, ndipo mabanja ankabwera kudzagula mabuloko 50, mwezi wotsatira 80, mmene ndalama yapezekera. Ambiri tinkawapatsa pa ngongole. Kuyambira nthawi imeneyo, wogula aliyense ndimamuuza asankhe yekha buloko pa mulu, alikweze kufika pachifuwa, aliponye pansi asadalipire. Ena amachita manyazi, koma ndimawakakamiza.

Mnyamata wathu adapeza kamalo kutali ndi phiri. Mabuloko a nyumba yake adaumba yekha Loweruka lililonse akaweruka, simenti tinkamudula pang'onopang'ono pa malipiro. Pa thumba ankatulutsa 25, ndipo ankawathirira masiku khumi m'malo mwa sabata. Ndi zipinda ziwiri, ndipo adalowamo ndi mlongo wake mvula ya 2024 isadayambe.