Ndalama yobetchera ndimaiika payokha, ikatha yatha

Mng'ono wanga wangokwanitsa zaka 19, nde Loweruka lapitali tili pakhonde kwa mayi anangondipatsa foni akuti achimwene taonani tikiti iyi, magemu 12, ndaika 500 kwacha ikalowa ndi 200 sauzande. Maso ali ngwee, anali atayamba kale kuwerengera zogula njinga ya kabaza. Ine ndinangomufunsa kuti 500 imeneyi waitenga pati? Akuti ndi chenji ya mayunitsi a magetsi, mayi sanafunse. Mtima wanga unangoti myuu, chifukwa inenso poyamba zinali za ma chenji zomwezi.

Sindinamuuze kuti asiye, ndikumudziwa sangamve, ndipo lamulo likumulola poti wadutsa 18. Masiku ano sukuchita kupita ku shopu kukaima pa mzere ayi, ndi foni basi, Airtel Money kaya Mpamba, uli chigonere pa mphasa ndalama yapita. Nde ndaganiza ndilembe zomwe ndikanakonda munthu atandiuza ine ndisanapse, kuti iyeyo ndi ena ongoyamba kumene awerenge.

Tsiku langa linali Lachiwiri pa 22 November 2022, World Cup ya ku Qatar. Amene mumatsata mpira mwadziwa kale. Argentina imasewera ndi Saudi Arabia 12 koloko masana nthawi ya kuno, Argentina ili ndi magemu 36 osagonja, Messi ali momwemo. M'thumba ndinali ndi 60 sauzande ya lendi yomwe ndimayenera kukapereka kwa a landilodi madzulo ake. Maodi a Argentina, nambala ija amachulukitsa nayo ndalama yomwe waika ukawina, anali otsika zedi, osafika ndi 1.30 yomwe, nde ndinati ndingobwerekako 20 sauzande kwa maola awiri okha, ibwera ndi kapamwamba kogula ndiwo. Mawu amenewo a "ndingobwerekako" ndimawakumbukira mpaka lero. Messi anamwetsa penate mphindi 10 zoyambirira, mu holo tonse kukuwa, ine ndikuti basi zatheka. Titabwera kopuma Al-Shehri anabweza, pasanathe mphindi zisanu kaya sikisi Al-Dawsari anaponya chachiwiri chija, 2-1, ndipo zinathera pomwepo. Mu holo munali zii ngati pamaliro, bambo wina amene anakhala pafupi nane anangong'amba tikiti pang'onopang'ono osayankhula.

Apa ndikanaima, 20 sauzande ndikanaipeza ndi maganyu a sabata. Koma mutu unali utatentha, chomwe ndimaganiza ndi chimodzi, ndibweze. 3 koloko Denmark ndi Tunisia, ndinaika 20 ina pa Denmark, inatha 0-0. 6 koloko Mexico ndi Poland ndinaika yotsalayo kuti mukhala zigoli, Lewandowski anapatsidwa penate ine kuimirira manja ali m'mutu, Ochoa anaigwira, nayonso 0-0. Pofika 9 koloko usiku pamene France imakwapula Australia 4-1 ine ndinali panjira wapansi, ndilibe ndi ya minibasi yomwe, ndikuganiza zoti ndikawauze chani mayi a kunyumba. Ndinanama kuti malipiro achedwa, m'mawa mwake ndinakatenga katapila, 60 kubweza 90, ndipo bodza lija linandivuta kuposa ngongoleyo chifukwa pomwe anazadziwa anakhala sabata yathunthu akungondiyankha ndi mutu. Mwana wathu mwezi umenewo anapita kusukulu ndi nsapato yong'ambika kutsogolo, ndimaiona m'mawa uliwonse pakhomo.

Kuyambira nthawi imeneyo ndalama yobetchera ndimaiona ngati ndalama yomwe ndadya kale, ngati yolowera ku Kamuzu Stadium kukaonera Bullets ndi Wanderers, sumayembekeza kuti akubwezera pa geti potuluka. Malipiro akabwera ndimayamba lendi, ufa, magetsi, madzi, fizi, ya banki mkhonde ya madamu, zikatha zonsezo ndi pomwe ndimaona ngati pali kotsala. Kwa ine ndi 5 sauzande pa sabata, kwa wina ikhoza kukhala 1 sauzande, ndipo mwezi wina imakhala ziro, sindifa nazo. Chofunika nchakuti nambalayo uyisankhe mutu uli wozizira, Lolemba m'mawa, osati Loweruka 4 koloko anzako akukuwa pa gulupu ya WhatsApp. Ndinachita kugula SIM ina yapadera, ndalama ya pakhomo ili kwina yobetchera ili kwina, ndipo ikatha Lachitatu ndiye kuti mpaka Lolemba mpira ndingoonera basi. Zimawawa masabata oyamba, zala zimachita kuyabwa, koma umazolowera.

Mu 5 sauzandemo sindiika yoposa 500 pa tikiti imodzi, kaya gemuyo ikuoneka yophweka bwanji. Anthu amati iyi nde shuwa, ika zambiri. Shuwa yake iti? Leicester City inatenga ligi ya ku England mu 2016 pomwe makampani amapereka 5000 pa 1 kwa wobetcha kuti itenga, poganiza kuti singatenge. Tsiku lotsatira la Argentina lija Japan inagonjetsa Germany 2-1. Mpira ulibe shuwa abale, ukanakhala nayo makampaniwa bwenzi atatseka kalekale.

Tsono pali masamu ena omwe ongoyamba samauzidwa, ndipo ndi omwe ndinakhala pansi kumulongosolera mng'ono wanga ndi cholembera. Tiyerekeze chinthu chomwe mwayi wake ndi theka ndi theka, ngati kuponya kobiri m'mwamba. Chilungamo chake maodi amayenera kukhala 2.00 mbali zonse, koma kampani ikupatsa mwina 1.90. Iwe waika 1,000 mbali iyi, mnzako waika 1,000 mbali inayo, kampani yatolera 2,000, wowina impatsa 1,900, yatsala ndi 100 posatengera kuti wawina ndani. Si kuba ayi, ndi momwe bizinesi yake imayendera, koma uzidziwa kuti kachidutswa kameneko kamadulidwa pa gemu iliyonse yomwe waika pa tikiti. Ukaunjika magemu 10 pa tikiti imodzi kudulako kumachulukana, 5 pa 100 uja amakula mpaka pafupifupi 40 pa 100. Nchifukwa chake amakulimbikitsa ndi ma bonasi kuti uwonjezere magemu, tikiti yaitali ndi yomwe imawadyetsa bwino.

Tikiti ya mng'ono wangayo, 500 kuti ibale 200 sauzande ndiye kuti maodi onse pamodzi ndi 400. Kutanthauza kuti ngakhale kampaniyo isadulepo kanthu, tikiti yotere imalowa kamodzi pa matikiti 400. Ndinamuuza kuti tawerengera wekha, ukamamenya imodzi tsiku lililonse ndi chaka ndi mwezi, ndipo 400 kuchulukitsa ndi 500 ndi 200 sauzande yomweyo ukuifunayo, apo sitinachotse gawo la kampani ndi msonkho womwe umadulidwa pa zowina. Anakhala chete kaye kenako akuti koma achimwene anthu amawina. Eya amawina, ndipo chithunzi cha wowinayo atanyamula chikwangwani cha cheke timachiona tonse pa Facebook, koma matikiti ong'ambika omwe amasesedwa pakhomo pa shopu m'mawa uliwonse palibe amawajambula. Ine masiku ano ndimaika gemu imodzi kapena awiri, atatu ndikachulutsa, mu ligi yomwe ndimaitsatadi, osati ma timu a ku mayiko oti ngakhale dzina sindingalitchule, kungoti akusewera 2 koloko usiku ndipo tulo sitikubwera.

Palinso nzeru ina yomwe imazungulira kwambiri, akuti ukaluza uziwirikiza kawiri, tsiku lowina ubweza zonse. Tayesani pa pepala. 500, kenako 1,000, 2,000, 4,000, 8,000, 16,000, 32,000. Kuluza kasanu ndi kawiri motsatizana, zomwe zimachitika ndithu, wataya 63,500 ndipo tikiti yotsatira ikufuna 64,000, zonsezi ukuthamangitsa phindu la 500 kwacha. Kuthamangitsa zoluza kotereku ndi komwe ndinachita ine tsiku la Argentina, kungoti sindinkadziwa kuti ena amazitcha njira.

Za kandege kaja, kamasewera kobetcha pa foni koti utape ndalama kandegeko kasanathawe, sinditalikitsa, ndinakachotsa ndipo sindikakhudza. Mpira umakupatsako mphindi 90 zoti uganize, kandege ndi masekondi, ndalama ya sabata yonse imatha usanamalize kapu ya tiyi. Chimodzimodzi anyamata ogulitsa "ma fixed" pa WhatsApp ndi Telegram, oti tumiza 10 sauzande ndikupatse gemu yokonza kale. Munthu wodziwa zotsatira angavutikirenji ndi 10 sauzande yako? Amatumiza zotsatira zosiyana kwa anthu osiyana, amene zamulowera amabweranso ndi ndalama zambiri, enawo amangowabloka.

Chomwe chinandithandiza kwambiri kuposa zonse ndi kope, kope wamba la ana asukulu. Tsiku, gemu, ndaika zingati, zabwera zingati. Mutu wa munthu umanama, umakumbukira 35 sauzande yomwe unawina mwezi wa March koma ma 1,000 ndi ma 2,000 omwe amapita mwakachetechete umawaiwala. Nditawonkhetsa miyezi itatu yoyamba ndinapeza kuti ndili pansi, osati kwambiri poti ndinali nditayamba kale kudziletsa, komabe pansi, pomwe ndikanafunsidwa pakamwa ndikanalumbira kuti ndili pamwamba. Kopelo madamu amaliona nthawi iliyonse akafuna, limakhala pa TV. Tsiku lomwe ndidzafune kulibisa ndiye kuti zayambanso, ndipo ndinawauza kuti akadzaona choncho adzandilande SIM ija.

Ukawina, tapa. Osasiya mu akaunti kuti ikule, simakula, imangokuitana. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Ine ndikawina yoposa ya sabata ndimaitulutsa tsiku lomwelo nkugula chinthu chooneka, kaya thumba la makala kaya shuga, ndipo sabata yotsatira ndimayambanso pa 5 sauzande yomweyo, sindikweza poti ndawina. Komanso sindibetcha nditamwa, sindibetcha nditakwiya, ndipo pa Bullets sindiikapo ndalama chifukwa pamenepo mtima ndi omwe umaganiza.

Ndinene izi mosabisa kwa amene mwadutsa kale pamenepa, ngati mwayamba kubwereka kuti mubetche, kugulitsa foni, kunama kunyumba, kudzuka usiku kuona ma skoo thukuta lili kamukamu, nkhani ya bajeti yakuchepera. Pamenepo nkusiya, ndi kuuza munthu amene mumamukhulupirira, mkazi wanu, m'bale, abusa kaya ashehe, ndi kumupatsa asunge ndalama zanu kwa kanthawi. Ine ndinakhala miyezi inayi osakhudza konse ndisanayambe za kopezi, ndipo ndikudziwa anzanga ena oti kwa iwo ngakhale 500 ndi yoopsa, bola osayandikirako.

Tikiti ya mng'ono wanga ija inafera pa gemu yachitatu, 5 koloko isanakwane. Lamulungu titachoka kutchalitchi ndinamutenga pa okala ndinamugulira kope, ndinamuuza kuti choyamba akawauze mayi za chenji ija ndipo abweze akalandira ya ganyu. Anakwinya nkhope koma anapita. Madzulo ananditumizira chithunzi, tsamba loyamba walemba deti, pansi pake "500, yapita", ndipo pakona walemba kuti ya sabata ino ndi 1,500. Ndinamuyankha kuti Lolemba likubwerali ndibwera ndidzalione kopelo.