Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 14: Aphunzitsi Tikhala pa Mpando wa Ophunzira

Gawo lapitalo ndinalekezera pamene ndinamaliza maphunziro a ukachenjede ku United States n'kuyamba kuphunzitsa jiyoloje, sayansi ya miyala ndi kapangidwe ka dziko lapansi, kwa ophunzira a chaka choyamba. Chaka chotsatira mkulu wa dipatimenti yathu ananditumiza ku maphunziro a aphunzitsi a m'mayunivesite okonzedwa ndi pulogalamu ya On the Cutting Edge, yomwe inayamba mu 2002 ndi thandizo la National Science Foundation, bungwe la boma la United States lothandiza kafukufuku wa sayansi, ndipo zolemba zake zimasungidwa ku Carleton College ku Minnesota.

Otiphunzitsa sanataye nthawi ndi malankhulidwe aatali. Anangotchula kafukufuku wa Scott Freeman ndi anzake wa 2014, amene anasonkhanitsa zotsatira za makafukufuku 225 n'kupeza kuti m'makalasi omwe mphunzitsi amangolankhula yekha ophunzira pafupifupi 34 mwa 100 alionse ankalephera, pomwe m'makalasi omwe ophunzira amagwira ntchito ndi kukambirana olephera anali pafupifupi 22. Atatero anatikhazika m'magulu ngati ana asukulu.

Ntchito yomwe inandikhudza kwambiri inali ya Dale Sawyer wa ku Rice University, yokhudza malire a zibenthu zikuluzikulu za chigoba cha dziko lapansi. Panali mapu anayi: a zivomerezi, a mapiri ophulika, a zaka za miyala ya pansi pa nyanja zamchere, ndi a kukwera ndi kutsika kwa nthaka. Gulu lililonse linalandira mapu amodzi okha, ndi lamulo lakuti tifotokoze zimene maso athu akuona popanda kutchula chimene chikuchititsa. Kenako magulu anaphwasulidwa n'kupangidwanso, kuti gulu latsopano lililonse likhale ndi munthu wochokera ku mapu alionse, ndipo aliyense anayenera kuphunzitsa anzake zomwe iye yekha anaziona. Lamulo lija linasautsa kwambiri mapulofesa odziwa zambiri, chifukwa yankho linali kale pamilomo pawo, ndipo ndikhulupirira kuti cholinga cha otiphunzitsa chinali chomwecho: kuti timve m'thupi mwathu kuvuta kwa kudikira kuti wina afike yekha pa yankho.

Nditabwerera ku Malawi ndinapeza kalasi yodzaza mpaka ena kukhala m'mawindo, ndipo timakina tovotera, timene ophunzira ku United States ankadina posankha yankho la funso m'kalasi, kunalibe. Njira ya Eric Mazur wa ku Harvard, yakuti wophunzira ayankhe yekha, akambirane ndi mnzake, kenako ayankhenso, sidalira makina, choncho ndinadula mapepala amitundu inayi kuti aziwakweza m'mwamba. Pa mapu a zivomerezi ndinawauza kuti ayang'ane kwathu, ndipo anaona okha kuti madontho akutsata chigwa chachikulu cha kum'mawa kwa Africa momwe muli nyanja ya Malawi. Ophunzira ochokera ku Karonga, omwe anagona panja pa zivomerezi za mu Disembala 2009, anatsogolera zokambiranazo bwino kuposa mmene ine ndikanachitira.

Njirayi imadya nthawi, ndipo mphunzitsi amakakamizika kusiya mitu ina ya m'silabasi. Ine ndinachepetsa mndandanda wa mayina a miyala oloweza pamtima, zomwe anzanga ena m'dipatimenti sanakondwere nazo. Mmene tinakambiranira nkhaniyo pa msonkhano wokonza mayeso ndidzafotokoza m'gawo lotsatira.