Njinga imene inatiphunzitsa kuyamba ndi kuyeza

Galaja yathu imakonza njinga zamoto zakale zokhazokha, makamaka zopangidwa pakati pa 1950 ndi 1980, ndipo ndinaiyamba pamodzi ndi mng'ono wanga tili ndi bokosi limodzi la masipanala ndi jeke imodzi. Dandaulo limene eni njingazi amabwera nalo kawirikawiri ndi lakuti kumbuyo kwauma, moti njinga ikaponda kadzenje kakang'ono, mphamvu yonse imathera mumsana wa woyendetsa. Ambiri amafika atagamula kale kuti mashoko, zida zija zochepetsa kugwedezeka kwa njinga, atha, ndipo m'masiku oyambirira ifenso tinkangovomerezana nawo.

Chimene chinatisintha ndi Triumph Bonneville T120 imene bambo ena achikulire anatibweretsera. Tinaika mashoko atsopano, iwo analipira n'kupita, koma pasanathe sabata anabweranso n'kutiuza modekha kuti palibe chimene chasintha. Zinandipweteka mtima, chifukwa anatikhulupirira ndipo ife tinawagulitsa chinthu chimene sitinayese n'komwe ngati chinali chofunika. Madzulo omwewo tinaikweza njingayo, tinachotsa gudumu lakumbuyo ndi mashoko onse awiri, ndipo swingarm, mkono uja umene umagwira gudumu, inangokhala m'malere osatsika, pamene inayenera kugwa yokha ndi kulemera kwake. Mabushi ake amkuwa, timapaipi timene swingarm imazungulirapo, anali atagwirana ndi chitsulo chapakati, girizi wakale atauma gwa, ndipo kabowo kopopera girizi kanali katatsekedwa ndi penti imene wina anapaka zaka zapitazo. Titasintha mabushi n'kuwapala kuti akwane bwino, tinabwezeretsa mashoko awo akale a Girling, amene analibe vuto lililonse, ndipo ndalama za atsopano aja tinawabwezera.

Kuyambira pamenepo sitiitanitsa shoko tisanaone zinthu zimene sizifuna kugula kanthu. Timayamba ndi mpweya wa m'tayala komanso zaka zake, popeza labala wokalamba amauma ngakhale mapazi ake akuoneka atsopano. Kenako timaona kolala yomangira sipulingi, chifukwa mashoko ambiri a nthawi imeneyo ali ndi masitepe atatu kapena asanu, ndipo nthawi zambiri timapeza kuti mwini wakale anaisiya pa sitepe yomaliza pofuna kunyamula munthu wachiwiri.

Tcheni ndi chimene anthu amadabwa nacho kwambiri. Chimakungika kotheratu pamene sprocket (kagudumu ka mano kokoka tcheni) ya ku giyabokosi, bawuti imene swingarm imazungulirapo ndi ekiselo ya gudumu zili mumzere umodzi, ndipo zimenezi zimachitika njinga ikatsika ndi kulemera kwa munthu. Amene amakunga tcheni njinga ili pasitandi yapakati, gudumu likulendewera, amaona ngati wachita bwino, koma akangokwera tchenicho chimakana kuti gudumu likwere, n'kumawononganso mabering'i a giyabokosi. N'chifukwa chake ife timachiyeza mwini wake atakhalapo, ndipo timatembenuza gudumu kufunafuna pamene chakungika kwambiri, popeza tcheni chakale sichitha mofanana.

Palinso cholakwa china chimene amakaniko osamala nawonso amachita. Njinga monga BSA A10 zili ndi mabushi a Silentbloc, amene ndi labala womatidwa pakati pa timapaipi tiwiri tachitsulo, ndipo iwo sazungulira ayi, amangopotoka. Munthu akamanga bawuti yapakati swingarm ikulendewera pansi, labala uja amakhala atapotoka kale woyendetsa asanakwere, motero amalimbana ndi kuyenda kwa gudumu ndipo amang'ambika msanga. Bawutiyo iyenera kumangidwa komaliza njinga ili pamagudumu ake, itatsika mmene imakhalira poyenda, ndipo chimodzimodzinso timabushi ta labala ta kumapeto kwa mashoko.

Zonsezi zikakhala bwino m'pamene timayeza kutsika kwa njinga. Timatenga mtunda wochokera pa ekiselo kufika pa chizindikiro cha pa felemu gudumu lili m'mwamba, kenako mwini wake atakhalapo, ndipo kusiyana kwake kuyenera kukhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu kapena anayi a mtunda wonse umene gudumu limayenda. Ikatsika pang'ono kwambiri, masipulingi ndi olimba mopitirira, mwina oikidwa kale chifukwa cha ngolo yam'mbali. Shoko yeniyeniyo timaiyesa titachotsa sipulingi ndi chida chopanira, osati ndi manja, ndipo ngati kamtengo kake kapindika kapena kakugwiragwira pokankha, apo ndiye timanena molimba mtima kuti yatha.

Nthawi zina ntchito yathu imakhala kuuza munthu zoona zimene sakufuna kumva. Njinga zopanda swingarm za mtundu wa plunger (ekiselo imatsetsereka pa timitengo tachitsulo pakati pa masipulingi), komanso sprung hub (masipulingi ali mkati mwa gudumu lenilenilo) imene Edward Turner anapangira Triumph, zimalola gudumu kuyenda pang'ono chabe, mamilimita pafupifupi 50 pa sprung hub, ndipo palibe girizi amene angazisandutse Norton Featherbed ya Rex McCandless, imene inaonekera mu 1950 ili ndi swingarm ndi mashoko aoyilo. Kwa oterowo timayeretsa ndi kupaka girizi, timakonza masipulingi a pansi pa chishalo, n'kuwafotokozera kuti ndi mmene njingayo inabadwira. Sprung hub sitilola wophunzira kuitsegula yekha, chifukwa masipulingi ake ndi opanikizika kwambiri moti angavulaze munthu.

Mashoko timagulitsa ochepa kuyerekeza ndi kale, koma tinagula makina okankhira mabushi ndipo tili ndi anyamata awiri ophunzira ntchito, amene tsiku lawo loyamba timawagwiritsa swingarm yopanda mashoko kuti amve m'manja mwawo kusiyana kwa yomasuka ndi yogwira. Bambo a Bonneville aja amabwerabe kudzapopetsa girizi, ndipo mashoko awo a Girling adakali pomwepo.