Loweruka la Tianthu ta Zipewa Zosongoka

Lero kuno ku Glasgow dzuwa linatuluka nthawi itatsala pang'ono kukwana 9 koloko, ndipo pamene tinkabwerera kunyumba cha m'ma 4 koloko linali litalowa kale. Amayi anga, amene anabwera kuchokera ku Dedza mwezi wathawu, sanazolowerebe masiku aafupi chotere, koma anakana kutsala pakhomo nditawauza kuti ndikupita ndi adzukulu awo kulaibulale ya m'dera lathu, kumene ana anakonzeredwa mwambo wopaka mitundu pa zithunzi za Khrisimasi.

Tinapeza matebulo aafupi atayalidwa mapepala, makrayoni ali m'zitini, pambali pali guluu ndi thonje lopangira ndevu. Panali zithunzi za mtengo wa Khrisimasi ndi za mphalapala zokoka ngolo, koma ana ambiri ankalimbirana pepala limodzi, lojambulidwa kamunthu ka makutu osongoka, chipewa chosongoka ndi nsapato zopindikira m'mwamba zokhala ndi belu kunsonga. Kanali katagwira hamala, kakukhoma sitima ya pamtunda ya matabwa.

Amayi analiyang'anitsitsa pepalalo, kenako anafunsa mwana wanga wamkazi, yemwe ali ndi zaka 7, kuti, "Kodi kamunthu aka ndi ndani, mdzukulu wanga?" Iye anayankha mosakayika kuti, "Agogo, ameneyu ndi elf. Amakhala ku North Pole ndi anzake, amapanga zidole chaka chonse, ndipo palibe amene amawaona." Amayi anandikodola, nanditsina khutu ndi mawu otsika: "Iwe mwanawe, tianthu togwira ntchito ya munthu wina usiku, tosaoneka, tosalipidwa, kwathu timatitcha chiyani? Si ndondocha zimenezi ukupatsa ana?"

Funsoli sindinalitenge mwachibwana, chifukwa amayi sanalakwitse kwenikweni. Azungu akale nawonso ankatiopa tianthu timeneti. Kuno ku Scotland, ng'ombe ikadwala mwadzidzidzi popanda chilonda chooneka, alimi ankati yalasidwa ndi muvi wa elf, ndipo akatola m'munda timivi ta miyala tosemedwa ndi anthu akalekale, ankakhulupirira kuti ndi timene tianthuto tinkalasira. Komabe ndinawafotokozera kuti panalinso kamunthu kena kotchedwa brownie, kamene ankati kamabwera m'nyumba anthu atagona n'kusesa, kupuntha tirigu ndi kumaliza ntchito zotsala. Kusiyana kwake ndi ndondocha, monga ndikuonera ine, n'kwakuti kameneka sikanali kogwidwa ndi mankhwala kapena kokakamizidwa. Kankabwera mwa kufuna kwake, eni nyumba ankakasiyira mkaka kapena phala pafupi ndi moto, ndipo akakanyoza kapena kukapatsa zovala, kankachoka osabwereranso. Nthano ya wosoka nsapato wosauka amene ankapeza nsapato zitasokedwa m'mawa, imene Jacob ndi Wilhelm Grimm anasindikiza ku Germany mu 1812, imatha chimodzimodzi: tianthuto titalandira zovala tinavina n'kuchoka.

Nkhani ya phala ndiyo inawafewetsa mtima amayi. Nditawauza kuti ku Sweden ndi ku Norway kamunthu kosamalira khola, kotchedwa tomte kapena nisse, amakasiyira mbale ya phala loikamo batala usiku wa pa 24 Disembala, ndiponso kuti batala akasowa ankati kamakwiya n'kuwononga ziweto, anagwedeza mutu nati, "Ndiye kuti nawonso ankathira nsembe." Anakumbukira ufa ndi mowa zimene agogo awo ankathira patsinde pa mtengo, ndipo kwa kanthawi anaoneka ngati akuona azungu aja ndi maso ena.

Zoti tianthuti timapanga zidole ndi zatsopano, ndipo zinachokera ku America. Ndakatulo ina imene inatuluka m'nyuzipepala ya mumzinda wa Troy ku New York pa 23 Disembala 1823 inatchula Santa Claus mwini wakeyo, nkhalamba ya m'nthano yobweretsera ana mphatso za Khrisimasi, kuti elf wokalamba wansangala. Mu 1857 magazini ya Harper's Weekly inasindikiza ndakatulo yonena kuti iye ali ndi tianthu tambirimbiri tomugwirira ntchito yopanga zoseweretsa, ndipo mu 1873 magazini ya Godey's Lady's Book inatijambula titazungulira Santa Claus m'chipinda chogwiriramo ntchito. Chotero mizimu imene anthu akumidzi ankaiopa ndi kuilemekeza inasanduka amisiri a m'fakitale, m'zaka zomwezo zimene mafakitale enieni anayamba kudzaza masitolo ndi zidole. Kuno ku Scotland zonsezi zinafika mochedwa ndithu, popeza Khrisimasi inakhala tsiku la tchuthi la dziko lonse mu 1958.

Pamene ife tinkakambirana, ana anali kalikiliki. Wamng'ono, wa zaka 4, anafumbata krayoni yofiira ngati mpini wa khasu, lilime lili kunja, akupaka chipewa, khutu, ngakhale tebulo lenilenilo. Ndinafuna kumugwira dzanja kuti asadumphe mizere, koma mayi wina wothandiza palaibulalepo anandiletsa mwaulemu, nandiuza kuti pa msinkhu umenewu chofunika n'chakuti zala zilimbe ndipo mizere adzaitsatira yekha m'tsogolo. Ndinamumvera, ndipo ndikuona kuti ananena zoona, pakuti mwanayo anakhala pansi mphindi zoposa 20 osadzuka, chinthu chimene kunyumba sichichitika.

Mlongo wake anatha nthawi yaitali akuvundula zitini. Anatenga krayoni ina n'kuiyerekeza ndi dzanja lake, n'kuibweza, kenako ina, mpaka anapeza yoderapo yofanana ndi khungu lake. Ndi imeneyo anapaka nkhope ya kamunthu kaja mosamala, kuyambira pamphumi kutsikira kuchibwano, osasiya mpata woyera. Makrayoni a kampani ya Crayola atayamba kugulitsidwa mu 1903 ankakhala mitundu 8 yokha m'bokosi, ndipo bokosi la mitundu 24 ya khungu la anthu linatuluka mu 2020, choncho mwana wangayu ali ndi mwayi umene ana ambiri akuda obadwira kunja analibe. Palibe amene anamuuza kuti achite zimenezo, ndipo ine ndinangoyang'ana kumbali kuti asaone mmene zinandikhudzira.

Kenako amayi nawonso anakoka pepala. Anati kusukulu kwawo ankalemba pamchenga ndi pasileti, ndipo chekeni ankangochiona m'manja mwa aphunzitsi. Kamunthu kaja sanakakhudze, anangosankha sitima ya matabwa ija, n'kuipaka mtundu wobiriwira pang'onopang'ono, mawilo ake akuda. Akupaka choncho, anayamba kuuza adzukulu awo za mchimwene wanga, mmene ankatolera mawaya n'kuwapinda kukhala galimoto ya chiwongolero chachitali chofika m'chiuno, mawilo ake a zitsekerero za mabotolo, ndi mmene ine ndinkaumbira ng'ombe za dongo kudambo n'kumabereka chitsononkho kumbuyo. Ana anasiya kupaka, akumvetsera kukamwa kuli yasa. "Agogo, ndiye kuti amalume ankadzipangira okha? Popanda wowathandiza?" Amayi anangotukula manja awo awiri n'kuwaonetsa.

M'basi pobwerera, mwana wanga wamkazi anafunsa dzina la elf m'Chichewa. Amayi anati mwina ndi akafula, popeza nawonso amanenedwa kuti anali aafupi, koma pamenepa ndinawatsutsa mwaulemu. Akafula sanali nthano. Anali anthu enieni amene Achewa anawapeza m'dziko, ndipo zithunzi zofiira zimene anajambula pamiyala ya ku Chongoni, pafupi ndi kwathu komweko, zilipobe, mpaka bungwe la UNESCO linaika malowa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Sindikufuna kuti ana anga adzakule akuganiza kuti anthu amenewo ndi ofanana ndi tianthu ta mabelu kumapazi. Tinagwirizana kuti tizingoti tianthu ta Khrisimasi, ndipo amayi analonjeza kuti adzukuluwo akadzapita kumudzi adzawatengera ku Chongoni kukaona okha.

Usiku uno zithunzi zitatu zili pachitseko cha firiji: chofiira paliponse, cha nkhope yoderapo, ndi cha sitima yobiriwira yokhala ndi kamunthu kosapakidwa mtundu. Ana agona. Amayi ali pabalaza, atulutsa mahang'ala awiri a waya m'kabati yanga ya zovala, ndipo andifunsa ngati m'nyumba muno muli pulayala, chifukwa mawa tikaweruka kutchalitchi akufuna kuonetsa mdzukulu wawo wamwamuna mmene amapindira chiwongolero.